Tsiku Limene Kongo Sanatukwane

A Sajeni Vitu Chirwa anafika kwathu Lolemba m'mawa pa kabaza wa njinga yamoto, atamanga mpango kumutu chifukwa cha mwera. Ku Liwaladzi kuno aliyense amangowatchula kuti Nyachirwa. Ndi mayi wamfupi, wa malankhulidwe a chakumpoto, ndipo tsikulo sanavale yunifolomu. Sanalowe m'nyumba. Analunjika pakhonde pomwe panali khola lachitsulo, n'kuima pamenepo nthawi yaitali, akuyang'ana khola lopanda kanthu ngati munalembedwa kalata.

Ine ndinkasesa pabwalo pomwe ndinali nditasesa kale.

Dzina langa ndi Chiso, mwana wa a Lewis Mndala, amene anali kapitawo ku minda ya nzimbe asanapume pantchito. Nthawi imeneyo ndinali nditangolemba mayeso a Fomu 4, ndikudikira zotsatira. M'khola lija munkakhala Kongo, chinkhwe chotuwa cha mchira wofiira chomwe Ababa anagula kwa dalaivala wa thiraki yochokera kunja. Kongo ankalankhula. Ankaimba mluzu, ankatsokomola ngati Ababa, ndipo akangoona a Swaleh, msodzi amene ankatibweretsera nsomba, ankakuwa mawu omwe Ababa anamuphunzitsa: "Swaleh! Nsomba yaola!" Anthu ankaseka. A Swaleh nawo ankaseka, pang'ono.

Lamulungu, pobwera ku Misa, tinapeza m'khola mulibe Kongo, ndipo pa msomali wa pakhonde panali patakolekedwa kampango wamkulu. Dzuwa lisanapendeke, a Swaleh anali m'chitokosi.

"Fotokozaninso, bambo Mndala," anatero Nyachirwa.

Ababa anakonza kolala ya malaya. "Nkhani yake njosavuta, mayi. Lamulungu m'mawa mudzi uno umagawika pawiri. Ife a Angilikani tonse timakhala m'tchalitchi, kuyambira ine, mayi a m'nyumba, mpaka mwana uyu wa kwaya. Otsala kunja mukuwadziwa, ndi anzathu a ku mzikiti. Mwa iwowo, amene anaponda pakhonde pano ndi mmodzi yekha. Nsomba yake ndi umboni."

"Umboniwo uli kuti?"

Ababa anatsokomola. "Tinadya. Ukanawonongeka. Komanso munthu ameneyu ananenapo yekha kuti mbalameyi tsiku lina adzaiwotcha ndi tsabola."

"Ananena akuseka?"

"Kodi wakuba saseka?"

Nyachirwa anagwira kachitseko ka khola. Kanali kotseka, waya wake wopotedwa katatu.

"Munatseka ndinu mutabwera?"

"Tinapeza chonchi."

"Yewo. Wakuba waulemu, wotseka pakhomo akamachoka. Mbalameyi imaluma?"

"Kwambiri! Mlendo akalowetsa chala, chimatuluka chopanda nsonga."

"Nanga mapepala ake ali kuti?"

"Mapepala a chiyani?"

"Chilolezo choisungira pakhomo."

Ababa anaseka mpaka mapewa kugwedezeka. "Mayi, iyi ndi mbalame, si minibasi. Umboni woti ndi yanga ndinapereka dzulo ku ofesi kwanu, kanema wa pafoni. Muli ine, muli iyo paphewa panga."

Nyachirwa analemba kanthu m'kabuku kawo. Kenako anayang'ana ine ndi tsache langa.

"Iwe mwana, fumbi latha pamenepo. Tandiperekeza kwa aneba."

Tsache linandipulumuka m'manja. Ndinkamudziwa bwino amene anapota waya uja katatu, chifukwa ndi mmene ndimatsekera ine tsiku lililonse.

* * *

Ndilembe pano zimene ndinalephera kunena ndi pakamwa.

Kusukulu ndinali mu kalabu ya zachilengedwe. Sindinalowemo chifukwa chokonda nyama ayi. Munali anthu ochepa, ndipo sankakakamiza munthu kulankhula. Tsiku lina kunabwera agemu a ku nkhalango ya zinyama ndi zithunzi za nyama zomwe munthu sangasunge pakhomo popanda chilolezo: ngaka, pusi, kamba ndi zina. Chithunzi chomaliza chinali Kongo weniweni. Anati zinkhwe zotere si za dziko lino, zimalowa mozembetsa, zambiri zimafera m'makatoni panjira, ndipo wopezeka nacho amakayankha mlandu kukhoti.

Ndinawauza Ababa katatu. Koyamba sanamve, chifukwa mawu anga ndi aang'ono. Kachiwiri anati, "Fomu 4 yomweyi wayamba kale uloya?" Kachitatu panali alendo, ndipo anandiuza kuti ndibwereze kuti alendowo asekeko.

Kenako tinamva kuti bambo wina wa ku Dwambazi wamangidwa chifukwa cha kamwana ka pusi komwe ankakamangirira pa mtengo wa mango. Sabata yomweyo Ababa anajambulitsa kanema wa Kongo akutukwana a Swaleh, n'kumutumiza pa gulu la Watsapu la anzawo opuma ntchito. Pofika Lachisanu, mnzanga wina wa ku boma anali atamuonera kale. Ndikatseka maso ndinkaona Ababa atavekedwa unyolo, akuwadutsitsa pamsika.

Ndiye ndinakonza nzeru yanga. Kudambo kuli kachisakasa kathu momwe timakhala poingitsa mbalame mpunga ukamacha. Mpunga tinali titakolola kale, ndipo kunalibe wopitako. Ndinati ndikamubisa Kongo mmenemo, Lolemba ndibwereke foni, ndiimbire agemu osatchula dzina, akamutenge. Ababa akanadandaula sabata imodzi n'kuiwala. Zoti angathamangire kupolisi kukanena okha kuti ali ndi chinkhwe, sizinandibwerere m'mutu ngakhale pang'ono. Zoti a Swaleh amabweretsa nsomba Lamulungu m'mawa, ndinkazidziwa. Ndinangoiwala.

A Swaleh ankanditchula kuti Dokotala. Nthawi yonse ya mayeso ankawonjezera kansomba kena pamwamba. "Aka n'ka Dokotala," ankatero, "ubongo uzigwira." Pamene apolisi ankawakweza pa njinga Lamulungu lija, ine ndinali pakhonde, ndikuona. Ndinatsegula pakamwa, n'kutsekanso.

* * *

Anti Sharifa, amene nyumba yawo yayang'anizana ndi yathu, tinawapeza atayanika mpunga pa lona, akuthamangitsa nkhuku ndi bango lalitali.

"Asalamu alaikumu, apolisi! Mwabwera kudzatenga inenso? Dikirani kaye mpunga uume."

"Walaikumu salamu. Dzulo m'mawa munali pano?"

"Ndipite kuti? Ndikangochoka, nkhuku za a Mndala zichita ukwati pa mpunga wanga. Shii! Taonani iyo. Ya Chikhristu, koma yakuba."

"A Swaleh munawaona?"

"Ndi maso awiriwa. Anadutsa apa ndi kampango, anandipatsa moni, anabwerera chimanjamanja. Wallahi, analibe ngakhale nthenga. Ndinawauza anyamata anu dzulo, koma ankathamangira kuti dzuwa likuwaotcha."

"Inali nthawi yanji?"

"Wotchi ndilibe, mayi. Wotchi yanga ndi azana ya ku mzikiti kwathu ndi belu la kwawo. Anadutsa belu litangolira, lija limalira katatu akatsala pang'ono kulandira Mgonero."

"Mbalame inakuwa?"

Anti Sharifa anaima, bango lili m'mwamba. "Haa! Mwandikumbutsa. Ayi ndithu. Chibwerere chinthu chimenecho, linali tsiku loyamba Swaleh kudutsa osatukwanidwa. Ndinati kaya chatembenuka mtima."

"Ndiye m'mawa wonse simunaimve?"

"Ndinaimva poyambirira, nthawi ija kutchalitchi kumakhala zii, akulalikira. Inaimba mluzu, nyimbo yawo ija ya kwaya. Kawiri, kenako basi."

"Nyimbo imeneyo imaimba ikaona ndani?"

"Aa, funsani uyu, ndi amene amaiphunzitsa. Iwe Chiso, lero wameza lilime? Moni wako uli kuti?"

Ndinagwada n'kupereka moni.

Titatuluka pamsewu wa mchenga, Nyachirwa anayamba kulankhula ngati akudzilankhulira okha. "Manja a Swaleh ndawaona m'mawa uno. Ali ndi zipsera zakale za mbedza, koma bala latsopano palibe. Ndiye taona. Pamene ankafika ndi nsomba, mbalame inali itapita kale. Ndipo inapita ikuimba." Anaima n'kukutumula mchenga mu nsapato. "Kwaya yanu amatsogolera ndani?"

* * *

Amayi Muriel ndi mphunzitsi wa ku pulayimale, ndipo ndi amene amayang'anira kwaya. Sukulu zinali pa holide, choncho tinawapeza kuseri kwa tchalitchi akusita nsalu za paguwa ndi simbi ya makala.

"Ine sinditeteza mwana wa munthu, mayi Sajeni," anatero asanafunsidwe n'komwe. "Kwaya yanga ndi ya disipulini. Ndimawerenga mitu polowa ndi potuluka."

"Dzulo inakwana?"

"Polowa inakwana. Potuluka inakwana."

"Pakati?"

Amayi Muriel anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Uyu anapempha kutuluka ulaliki utangoyamba. Akuti m'mimba. Dzulo tinali ndi mlaliki wochokera ku boma, uja amayambira pa Adamu mpaka kufika kwa ife, ndiye amene anali ndi m'mimba anali ndi mwayi. Anabwerera anthu atayamba kale kupita kuguwa."

"Ndi mwana wabwino?"

"Wabwino mpaka kutopetsa. Chiyambire kulandira sanaphonyepo. Koma dzulo anangogwada pamalo pake, mutu pansi, anzake akumulumpha miyendo. Ndinamukodola, anapukusa mutu. Ndinati kaya wayambana ndi mayi ake. Kwathu kuno munthu sapita kuguwa ali ndi chinthu pamtima. Tinawaphunzitsa choncho, ndipo uyu amamva."

Ndinayang'ana makala a mu simbi. Ndinkafuna nditakhala limodzi la makalawo, ndipse ndithe.

"China chimene munaona?"

"Siketi! Yunifolomu ya kwaya yodzaza chisoso mpaka m'mawondo. Njira ya kuchimbudzi chathu ilibe chisoso, timalambula Loweruka lililonse. Ndinati ndimulankhula Lachitatu pa pulakatisi."

"Chisoso chochuluka chili kuti kuno?"

"Njira ya kudambo. Bwanji kodi? Si mwagwira kale munthu wanu?"

"Yewo chomene, aphunzitsi," anatero Nyachirwa, n'kutseka kabuku.

* * *

Titabwerera kunyumba, Amama anatichingamira pakhomo, manja atapinda pachifuwa.

"Mayi, ine ndikuopa. Wakubayu ali ndi mnzake."

"Mukutero bwanji?"

"Chitini cha mtedza wa Kongo. Dzulo madzulo ndinachitsegula chili chodzaza, mpaka ndinagwetsa misozi pochiona. Lero chatsika. Swaleh wagona kupolisi, ndiye walowa m'nyumba muno ndani?"

"Makoswe," anatero Ababa ali pampando wawo.

"Makoswe obwezera chivindikiro, bambo a Chiso?"

Mtedza umenewo ndinautapa ine m'mamawa, popita kumjigo, n'kuthamangira nawo kudambo. Sindikanatha kumusiya Kongo ndi njala. Munthu ndinamusiya m'chitokosi, koma mbalame sindikanatha.

Nyachirwa sanandiyang'ane. Anapempha madzi akumwa, anamwa pang'onopang'ono, n'kubweza kapu. "Chiso, ndiperekeze."

Tinadutsa pamjigo. Pamphambano sanakhotere kumsewu wa tala. Anakhotera njira ya kudambo, anayenda pang'ono, n'kuima pakati pa chisoso.

"Njira imeneyi ndikhoza kuyenda ndekha," anatero motsitsa mawu. "Zisakasa sizipitirira khumi. Koma ndikatero, m'buku ndikalemba kuti ndinaipeza ndine. Ukanditsogolera, ndikalemba kuti unandionetsa. Kuli munthu wagona pa simenti, ndipo sanaswali ngakhale pemphero limodzi chilowere, akuti malo aja ndi odetsedwa. Mkazi wake wakhala panja pa ofesi kuyambira m'mawa. Sankha."

"Akawamanga Ababa," ndinatero.

"Mwina."

"Ndimafuna kuwapulumutsa."

"Ndikudziwa. Koma wawapulumutsa pamsana pa munthu wina. Ukufuna agonenso lero?"

Ndinalira ngati mwana wa sitandade wani, mamina ndi misozi pamodzi. Nyachirwa sananditonthoze, sanandikalipire. Anangodikira. Kenako ndinapukuta kumaso ndi chitenje, n'kutsogola.

M'kachisakasa munali monga ndinasiyira: dengu lovundikira, mwala pamwamba, kachitini ka madzi, makoko a mtedza mbwee. Nditangochotsa mwala, Kongo anaimba nyimbo ya kwaya ija. Anakwera pamkono panga mpaka paphewa, anatsokomola, n'kunena ndi mawu enieni a Ababa: "Chiso! Tiyi!"

Nyachirwa anatembenukira kumbali kubisa kuseka. Kenako anatulutsa foni n'kuimbira agemu.

"Foni imeneyi mukanaimba Loweruka, n'kunena kuti mukufuna kuipereka nokha, nkhani ikanayenda mwina," anandiuza atamaliza. "Koma abambo ako adzilembetsa okha m'buku lathu kuti mbalameyi ndi yawo, ndi kanema pamwamba. Zimenezo sindingafufute."

"Akapita naye kuti?"

"Kumene amasamalira zolanditsidwa. Akaona zinzake kumeneko. Mubwezere m'dengu, tiye."

* * *

Ababa anabwera kupolisi atavala jekete la ku tchalitchi. Anauzidwa kuti mbalame yapezeka, ndipo panjira ponse ankapatsa anthu moni mokweza. Atalowa anaona dengu pa tebulo, anaona ine, n'kumwetulira.

"Anaibisa kuti wakuba ameneyu?"

"Mwana wanu ali ndi mawu," anatero Nyachirwa.

Ndinalankhula, koma sanamve.

"Kweza mawu, iwe."

"Ndinamutenga ndine, Ababa. Nthawi ya ulaliki. A Swaleh sakudziwapo kanthu."

Ababa anayang'ana dengu, anayang'ana Nyachirwa, anayang'ananso ine ngati akundiona koyamba.

"Iwe? Unali m'tchalitchi."

"Ndinatuluka."

"Chifukwa chiyani?"

"Alibe chilolezo. Ndinkaopa kuti akumangani."

"Bwanji sunandiuze?"

"Ndinakuuzani katatu."

Ababa anatembenukira kukhoma.

Wapolisi wa pakauntala anapita kukatsegula chitokosi. A Swaleh anatuluka atagwira buluku ndi dzanja limodzi, akuphethira chifukwa cha kuwala, malaya atachita makwinya mbali imene anagonera. Kongo anawaona kudzera m'mipata ya dengu.

"Swaleh! Nsomba yaola!"

Palibe anaseka. Ababa anaweramitsa mutu mpaka chibwano kugunda pachifuwa.

Wapolisi uja anakolola lamba wa a Swaleh pa msomali wa kukhoma n'kuwapatsa, pamodzi ndi mapatapata awo. Kenako anatembenukira kwa Ababa. "Bambo Mndala, vulani lamba ndi nsapato. Za belo tikambirana agemu akafika."

Ababa anavula jekete n'kundipatsa osandiyang'ana. Lamba wawo anakolekedwa pa msomali womwewo.

Ine anandilembetsa sitetimenti, n'kundiuza kuti ndikadikire pa benchi ya panja. A Swaleh anali pampopi wa kuseri, akusamba m'manja, kumaso ndi mapazi, mkazi wawo atawagwirira chipewa. Atamaliza anabwera n'kuima patsogolo panga. Ndinatsika pa benchi, n'kugwada pa fumbi.

"Ankolo, ndikhululukireni."

"Pamene ankandikweza pa njinga paja," anatero pang'onopang'ono, monga amalankhulira nthawi zonse, "unali pakhonde."

"Inde."

"Unandiona."

"Inde."

"Ine ndinakuyang'ana. Ndinati, Dokotala akuona, ndisachite manyazi, ndikwere bwinobwino."

Mkazi wawo anawakoka malaya kuti azipita, koma iwo anaimabe.

"Nsomba ija munadya?"

"Tinadya."

"Inali yoola?"

"Ayi, Ankolo."

"Ukawauze abambo ako akatuluka." Anavala chipewa. "Tsala bwino, mwana wa a Mndala."

Wakabaza wina anawaimira, koma anamukaniza ndi dzanja. Anayenda wapansi m'mbali mwa msewu wa tala, mkazi wawo pambuyo, mpaka anakhotera njira ya kudoko.

Ndinabwerera pa benchi, jekete la Ababa lili pamiyendo. Thumba lina linkalemera. Ndinapisamo dzanja, n'kupezamo mtedza wosenda kale, umene ananyamula kuti akamupatse Kongo pomulandira.